Ndege Imire

Chaka chimene mng'ono wanga anakwatiwa ndinali nditakhala kale zaka zambiri ku Chitungwiza m'dziko la Zimbabwe, ku Zengeza 3, m'kanyumba kamene khomo lake linkayang'ana kumsewu wa fumbi. Ndinali telala wa pakhomo. Makina anga opalasa ndi phazi ankakhala pafupi ndi windo, ndipo ndinkasoka mayunifolomu a ana a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a mpingo ndi timadiresi ta Khrisimasi. Diresi la ukwati ndinali ndisanasokepo. Koma uthenga utafika kuchokera kwathu ku Thyolo wakuti mng'ono wanga wapeza banja, ndipo ukwati udzadalitsidwa m'tchalitchi mwezi wa Disembala, ndinanena mumtima kuti mwana amene ndinamubereka kumsana ndili kamtsikana sadzalowa m'nyumba ya Mulungu ndi diresi lobwereka.

Muyeso wake unabwera ndi dalaivala wina wa lole. Zinali tizingwe ta nsalu tomanga mfundo: ka mfundo imodzi ka m'chiuno, ka mfundo ziwiri ka pachifuwa, kotalika kopanda mfundo koyambira paphewa kufika pansi. Ine ndinamusiya mwanayo akuguluka mano, tsono ndinkasoka ndikuganizira nkhope ya kamwana pamwamba pa thupi la mayi. Chifukwa cha mantha ndinasiya nsalu yambiri m'misoko kuti ndikakonze ndikakamuona ndi maso. Diresilo litatha ndinalipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo amayi a mpingo ankabwera kudzaliona atasamba m'manja.

Vuto linali njira. Masiku amenewo ku Mozambique kunali nkhondo, ndipo magalimoto odzera ku Tete ankayenda mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Nkhani zimene tinkamva kwa obwerako sizinali zoti mayi n'kunyamula ana. Tsiku lina bambo a ana anga, amene ankagwira ntchito pafakitale ina ku Harare, anafika madzulo, anavula nsapato, n'kunena ngati akunena za mtengo wa sopo:

"Mayi a ana, ku Tete simudzerako. Mukwera ndege."

Ndinaseka ngati mayi uja wa m'Malemba amene anasekera kuseri kwa hema atamva zoti adzabala ali nkhalamba. Koma bambowo sankachita nthabwala. Anali atasunga mwakachetechete kwa nthawi yaitali, ndipo matikiti anali m'thumba la jekete. Iwo sakanatha kupita, chifukwa fakitale inali isanatseke. Ndinayenera kupita ndekha ndi ana awiri: mtsikana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi kamnyamata kamene kanali kakuyamwabe.

Popeza unali mwezi wa maulendo, malo anapezeka a Lachisanu okha, pamene ukwati unali Loweruka m'mawa. Ndege yathu inali yokatera ku Lilongwe, ndipo kumeneko tinayenera kutsika n'kukwera ina yaing'ono yopita ku Chileka. Nthawi ya pakati pa ziwirizi inali yosakwana ola, ndipo yaing'onoyo inali yomaliza tsiku limenelo. Ku Chileka amalume anayenera kutidikira ndi galimoto ya kuesiteti ya tiyi imene anaibwereka madzulo amodzi okha. Ndinkadziwa bwino kuti ikangotisiya ndege yachiwiriyo, diresi lidzagona ku Lilongwe pamene mwini wake akuyang'ana kumsewu ku Thyolo.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mayi wina wa mpingo wathu, wochokera ku Zambia, amene ali mtsikana analerapo ana a azungu n'kukwera nawo ndege kangapo. Iyeyo ndiye anakhala mphunzitsi wanga. Anabwera atanyamula mpando wake n'kukhala pafupi ndi makina.

"Sutikesi musatenge, anzanga," anatero. "Sutikesi amakulandani n'kuiika kumimba kwa ndege, ndiye mukatsika mumaima n'kumaidikira ngati mukudikira mvula. Tengani chikwama chimodzi cha m'manja."

"Nanga mphatso za abale?"

"Mphatso ndi ana awa. Akawaona akhuta."

Anandiuza kuti mwana ndizimuyamwitsa ndege ikamanyamuka ndi ikamatera kuti makutu asamupweteke, kuti wamkuluyo ndimupatse switi yoti azimung'unya, ndiponso kuti onse awiri ndithane nawo za kuchimbudzi ndege isanatere. Kenaka anandiyang'ana manja.

"Muli ndi manja angati?"

"Awiri, monga anandipatsira Mulungu."

"Limodzi chikwama, lina diresi. Wamng'ono kumsana. Nanga uyu mumugwira ndi chiyani?"

Tinagwirizana kuti mtsikanayo azigwira nsonga ya chitenje changa. Sabata yonseyo tinkayeserera pabwalo: ine ndi chikwama chodzaza matewera, shiti ya pabedi yopinda pamkono m'malo mwa diresi, mwana kumsana, mtsikana atagwira chitenje, tikuyenda mofulumira kuchokera pampopi kufika pageti. Ana a m'mbali ankakwera pampanda n'kumatiwombera m'manja. Usiku tulo sitinkabwera chifukwa cha chimwemwe. Ndinkangoona nkhope ya mayi anga, ndi mapiri a tiyi, ndi ine ndikutsika kumwamba ngati munthu wofunika.

Pano ndiyenera kunena za chilankhulo cha mwana wanga. Iye anabadwira ku Chitungwiza. Chichewa ankachimva chonse, koma ukamufunsa m'Chichewa ankayankha m'Chishona, monga ana onse a mumsewu wathu. Zilankhulo ziwirizi zimafanana ngati ana a mimba imodzi, koma pali mawu ena amene amavala malaya amodzi pamene mitima yawo ndi yosiyana. Ine nditangofika m'dziko muno, ndili mkwatibwi, ndinadabwa kumva anthu pasiteji akufuulira dalaivala wa basi kuti amire. Ndinafunsa bambo a ana kuti munthuyo walakwanji kuti amufunire imfa ya m'madzi. Anaseka mpaka kutsamira mtengo. Kuno kumira ndiko kuima, kapena kudikira. Patapita zaka khutu langa linazolowera, moti mwana wanga akabwera ku Sande sukulu n'kundifotokozera za mtsogoleri uja amene anapempha Mulungu pankhondo, dzuwa n'kumira pakati pa thambo tsiku lonse, sindinkaonanso chachilendo.

Ulendo utayandikira ndinamukhazika pansi.

"Kwa agogo ako kulibe Chishona. Ukakafika ku Malawi uzikalankhula Chichewa, ndipo kwa akulu uzikagwada. Wamva?"

"Ndazvinzwa, mhamha."

"Wayamba kale."

"Ndamva, amayi," anatero, akuseka.

Lachisanu linafika ndi mitambo. Bambo a ana anapempha theka la tsiku kuntchito, ndipo mnzawo wina wa takisi anatitenga. Tisanatuluke tinagwada tonse pabalaza, mayi wa ku Zambia uja n'kutipempherera, kukumbutsa Ambuye kuti ndi Iwo anatsogolera anthu awo ndi mtambo usana. Diresi ndinalikulunga m'shiti yoyera n'kulimanga ndi mapini. Mtsikana ndinamuveka diresi loyera limene ndinasoka ndi nsalu yotsala, chifukwa iye ndiye anayenera kukagwira mchira wa diresi la mkwatibwi, ndipo ndinaona kuti kulivala n'kosavuta kuposa kulinyamula.

Titafika pabwalo la ndege la ku Harare mvula inayamba. Sinali mvula yowaza ayi, inali ya mabingu, yochita kubisa ndege zimene zinaima panja. Anatiuza kuti tidikire. Bambo a ana ankayang'ana wotchi yawo, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ananso wotchi, mpaka ndinawapempha kuti aibise m'thumba. Mvula itakata anatiitana. Tinatsanzikana mofulumira, ndipo mawu omaliza a bambo a ana anali opita kwa mtsikana wathu, akuti, "Chitenje usachitaye, iwe."

Za kukwera ndege koyamba ndinganene chiyani? Pamene inathamanga n'kusiya nthaka, m'mimba mwanga munatsala pansi, koma mtima unakwera. Kamnyamata kanali pabere, maso ali phethiphethi. Mtsikana anakanikiza mphuno pawindo n'kumatchula zonse zimene ankaona, nyumba ngati mabokosi a machesi, msewu ngati ulusi, mpaka tinalowa m'mitambo ndi kutulukira pamwamba pake. Kumeneko kunali dzuwa. Mvula yonse ija imene inatisautsa inali pansi pathu, yoyera ngati thonje loyanika. Ndinakumbukira kuti Malemba amati mitambo ndi fumbi la kumapazi a Mulungu, ndipo ndinayamba kuimba nyimbo ya m'tchalitchi chamumtima, misozi ikutsika, osadziwa kuti ikutsikiranji.

Mtsikana wothandiza anthu m'ndege anali Mmalawi, wamtali, wa mpango wa m'khosi. Anafika ndi thireyi n'kuweramira mwana wanga.

"Nanga akuluakulu awa amwa chiyani?"

Mwana wanga anakhala tsonga, anakonza diresi lake, n'kuyankha mwaulemu wonse: "Ndikufuna mvula."

"Mvula? Ija yatichedwetsa ku Harare sinakukwane?"

Ndinafotokoza kuti m'Chishona madzi akumwa ndi mvula yogwa kumwamba dzina lake ndi limodzi. Mtsikanayo anaseka, anamupatsa madzi m'kapu, ndipo ine ndinapezerapo mpata womuonetsa matikiti athu. Atawerenga anayang'ana wotchi yake, kuseka kuja n'kuchepa.

"Mayi, nthawi yake yathina. Ndikauza oyendetsa kuti atumize mawu, koma sindingakulonjezeni. Tikamayandikira ndidzakusamutsirani kufupi ndi khomo kuti mukhale oyamba kutsika. Mukatsika musayang'ane kumbuyo."

"Ngati mkazi uja anasanduka mchere," ndinatero.

"Eya, koma inu muthamange kuposa iyeyo."

Atachoka, mwana wanga anandikoka dzanja n'kufunsa ngati ndege inayo itisiye. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, koma angathe kupempha Mulungu kuti itidikire. Anandifunsa ngati Mulungu amene anagwira dzuwa angagwirenso ndege. Ndinati ndege ndi kanthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi dzuwa. Anatseka maso mwamphamvu, switi ili m'tsaya, milomo ikugwedera. Atatsegula anati, "Zatheka," n'kubwerera pawindo.

Ndinachita zonse zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinapita nawo kukachimbudzi kopanikiza kaja, ndinasintha thewera, ndinamanga chikwama. Mtsikana wa mpango uja anasunga mawu ake, anatikhazika kutsogolo. Ndege itagunda pansi ndinamva ngati ndifuule kuti ndafika kwathu, koma nthawi yofuula panalibe. Ndinaponya mwana kumsana, ndinamanga mbereko, chikwama kudzanja lamanja, diresi pamkono wamanzere.

"Gwira chitenje."

"Ndagwira, amayi."

Ku Lilongwe nakonso mvula inali itangokata. Phula linali lonyowa, lodzaza zithaphwi, ndipo mphepo inkanunkhira dothi la kwathu. Chapatali ndinaona kandege kakang'ono, makwerero ali pakhomo pake, anthu a maovolosi akulongamo katundu. Mtima unandiuza kuti ndi kathu. Ndinkafuna kungodutsa phulalo molunjika, koma njira sinali imeneyo. Tinayenera kulowa kaye m'nyumba, kudindidwa mapasipoti, kuonetsa katundu, n'kutulukira khomo lina.

Pa mapasipoti tinali oyamba, ndipo sipanavute. Bambo wa pamenepo anadinda, anati, "Takulandirani kumudzi," ine n'kuyankha ndikuyenda kale. Pa kasitomu m'pamene ndinakaima. Mayi wa yunifolomu analoza shiti ija.

"Umu muli chiyani?"

"Diresi la ukwati, mayi. Ukwati wake ndi mawa ku Thyolo, ndipo ndege yathu ndi iyo ili panjayo."

"Tamasulani tione."

Ndinaika chikwama pansi, ndinayamba kuzula mapini, ndikuwaika pakamwa monga timachitira atelala. Diresi litaonekera mayiyo anaika dzanja pachifuwa.

"Mwagula ku Harare?"

Ndinapukusa mutu, pakamwa pali mapini.

"Mwasoka nokha? Ayi, bodza. Anzanga, tabwerani mudzaone lesi uyu."

Mnzake anabwera, anatembenuza mkono wa diresi n'kuyang'ana msoko wa mkati. Tsiku lina lililonse ndikananyadira mpaka madzulo. Koma apo ndinamva mawu pa chimkuzamawu akuitana komaliza opita ku Blantyre, ndipo nthawi yomweyo kumsana kwanga kunafunda. Kamnyamata kanali katanyowetsa thewera latsopano lija, mbereko, ndi bulauzi yanga yomwe. Ndinalavulira mapini m'dzanja n'kunena kuti, "Amayi anga, ndichitireni chifundo." Anazindikira, ndipo onse awiri anandithandiza kukulunga, wina akupinda, wina akubaya mapini. Nditanyamula chikwama ndinamva kuti chitenje changa chapepuka. Ndinayang'ana pansi. Mwana panalibe.

Ndinaitana dzina lake. Mayi wa kasitomu analoza kukhonde lalitali: "Kadiresi koyera? Kathamangira uko, kokwerera za ku Blantyre." Ndinathamanga, mwana akudumpha kumsana n'kumaseka poganiza kuti ndi masewera, chikwama chikundimenya bondo, diresi nditalikweza m'mwamba ngati mbendera.

Zimene zinachitika ndisanafike anandifotokozera pambuyo pake ndi mayi wina amene analipo. Pakhomo lotulukira panali bambo wong'amba matikiti, ndipo anthu onse anali atatuluka kale kupita kukandege kaja, kupatula awiri. Anali mayi ameneyo ndi bambo ake omubala, okalamba, a suti yakuda, chipewa ndi ndodo, amene ankawatengera kuchipatala cha maso ku Blantyre. Agogowo anali asanakwerepo ndege, ndipo kuyambira m'mawa ankafunafuna chifukwa chobwerera kumudzi. Mwana wawo anali atawanyengerera mpaka phazi limodzi linali kunja kwa khomo. Pamenepo m'pamene panafika kamtsikana kovala zoyera mbee, kopanda mayi, kopanda katundu. Kanagwada pansi, kanawomba m'manja mofatsa monga amachitira akazi a ku Zimbabwe, n'kunena m'Chichewa chomveka bwino:

"Bambo, ndege iyo imire. Ndapemphera kwa Mulungu kuti imire, ndipo Mulungu wamva."

Pamene ndinkafika, agogo aja anali atabweza phazi lawo, atakhala pa kachikwama kawo pakati pa khomo penipeni, ndodo ili pakati pa miyendo. Wong'amba matikiti anali ataima kukamwa kuli yasa. Mwana wanga anali chigwadire, nkhope ili ngwee ngati wapambana mayeso.

"Ine sindikwera," ankatero agogowo. "Mwamva nokha. Mwana wosalakwa sanama."

"Bambo, ndi kamwana chabe aka," anatero mwana wawo.

"Kamwana kachokera kuti? Mayi ake ali kuti? Wavala zoyera bwanji?"

Wong'amba matikiti anayesa nzeru zake. "Madala, taganizani bwino. Imira pati? Kuchoka pano kufika ku Blantyre kulibe nyanja."

"Shire wauma liti?" anafunsa agogowo.

Panja munthu wina wa ovolosi anali ataima pamakwerero akukupiza manja, kufunsa chimene chikuchedwetsa. Chikwama chachikulu cha agogowo chinali kale m'ndege, ndipo mwana wawo sakanakwera kuwasiya. Zonse zinaima pa munthu mmodzi wokhala pakhomo.

Ine mpweya unali utandithera. Ndinagwada pambali pa mwana wanga, diresi ndili nalo m'mwamba kuti lisakhudze pansi.

"Agogo, pepani, mwanayu ndi wanga. Si mngelo ayi, ndi wa ku Zengeza."

"Wa kuti?"

"Wa ku Zimbabwe. Anabadwira konko. Kumeneko akati chinthu chimire, ndiye kuti chiime, chidikire. Amapempha kuti ndege itidikire, chifukwa ine ndinatsalira ku kasitomu ndi diresi ili."

Agogowo anatembenuzira nkhope kwa ine, maso awo otuwa akundifunafuna.

"Kumira ndi kuima?"

"Eya, agogo."

"Nanga munthu akagwa m'madzi amati watani?"

"Amati wanyura."

"Wanyowa?"

"Wanyura, agogo. Ndi mawu ena."

"Anthu ake ndi otani amenewo, osokoneza zinthu zoopsa chonchi?" Anagogoda ndodo pansi. "Chabwino, mwana amatanthauza kuima. Koma kumwambako analandira mawu ati? Iye wanena kuti imire. Ngati pempherolo lalowa m'Chichewa?"

Wong'amba matikiti anatembenuka kuti asaoneke akuseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona kuti funso la agogowo linali lochokera pansi pa mtima. Ndinawauza chimene ndimakhulupirira. Ndinati Amene anasokoneza zilankhulo pansanja paja ndi Yemweyo anazimva zonse tsiku limene Mzimu anatsika, ndipo Iye amamva chimene mtima wanena pakamwa pasanatseguke. Ndinati ngakhale wophunzira uja amene anayamba kumira panyanja, kumira kwenikweni kwa Chichewa, anagwidwa dzanja asanamwe madzi.

"Ndiponso taonani, agogo," ndinatero, "pemphero lake layankhidwa kale, ndipo layankhidwa m'Chishona. Ndege siyo yaima?"

Agogowo anatembenuzira nkhope panja. Kenaka anafunsa mwana wawo ngati ndegeyo inalidi chiimire. Anati inde, ndipo anthu onse a m'mawindo akuyang'ana kuno.

"Ndiye kuti waimitsa ndine," anatero agogowo pang'onopang'ono.

"Mulungu amagwiritsa ntchito amene wamupeza pafupi, madala," anatero wong'amba matikiti, akutenga matikiti anga pansi pa mkono wa diresi. "Tiyeni, nonse asanu."

Agogowo anatambasula dzanja. "Kamtsikanako kabwere kuno. Kayende ndi ine. Ikakamira tikamire limodzi."

Tinadutsa phula lija pang'onopang'ono, chifukwa agogo sathamanga. Mwana wanga anawagwira dzanja n'kumawalambalalitsa zithaphwi, akuwauza m'Chishona kuti apa pali mvula, apa palibe. Ine ndinali pambuyo, msana wonyowa, mikono ikuwawa, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Titakwera, anthu ena anang'ung'udza, koma mayi wina ataona shiti ija anafunsa ngati ndi ya mkwatibwi, ndipo anasuntha kuti ndiliyale pamiyendo yathu tonse awiri.

Kandege kameneka kankagwedezeka kuposa koyamba kaja. Agogo anakhala ndi mwana wanga mbali ina ya kanjira, chipewa chili pamaondo, dzanja lake osalisiya. Nthawi ndi nthawi ankafunsa, "Tawoloka Shire?" Mwanayo, amene sankadziwa n'komwe kuti Shire ndi chiyani, ankayang'ana pawindo n'kuyankha, "Sitinafike, agogo." Dzuwa linali litapendeka pamene ndinaona mtsinjewo pansi, ukung'anima pakati pa mitengo. Ndinadikira mpaka unatsala kumbuyo, ndipo ndinawauza. Anavala chipewa chawo.

Ku Chileka, atatsika makwerero, anagogoda phula ndi ndodo kawiri kuti atsimikize. Kenaka anaweramira mwana wanga.

"Iwe mdzukulu, tsiku lina ukamapempherera chinthu chimene ine ndakwera, uziyamba wandiuza mawu ake."

"Ndamva, agogo," anatero, n'kugwada.

Amalume anali kuseri kwa mpanda akukupiza chipewa. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkawakumbukirira, ndipo anandiyang'ana kaye asanandizindikire. Mawu awo oyamba sanali moni. Anati, "Diresi lili kuti?" Ndinalikweza, ndipo anati, "Basi, tiyeni, kumudzi anthu sakudya."

Mng'ono wanga ndinamupeza ali mayi wamtali kundiposa. Tinakumbatirana pabwalo, iye akulira kuti, "Achemwali, ndimayesa simubwera," mayi athu akulanda ana onse awiri nthawi imodzi. M'mawa kutangocha ndinamuveka diresi. Pachifuwa linakwana ngati ndinamuyeza ndekha, koma m'chiuno linakula, chifukwa nkhawa ya ukwati inali itamudya. Ndinakhala pamphasa ndi singano, iye ataima pampando, ndikubweza msoko uku akundifotokozera za mwamuna wake. Mayi athu ankangozungulira n'kumagwira lesi ndi nsonga ya chala.

Belu la tchalitchi litalira tinayenda pakati pa minda ya tiyi, amayi akuimba. Mwana wanga anali pambuyo pa mkwatibwi atanyamula mchira wa diresi ndi manja awiri, kadiresi kake kali ndi kachizindikiro ka phula la ku Chileka pabondo, kamene ndinalephera kukachotsa. Pakhomo la tchalitchi mng'ono wanga, chifukwa cha manyazi ndi anthu ambiri aja, anayamba kufulumira, ndipo mchirawo unakokeka n'kutsala pang'ono kupulumuka m'manja mwa mwanayo. Ndinali pafupi, ndipo ndinaona milomo yake ikukonzeka kuuza mkwatibwi kuti amire. Anandiyang'ana, anameza, n'kunena monong'ona:

"Amayi aang'ono, imani."

Mkwatibwi anaima. Mwanayo anakonza mchira bwinobwino, anauyala, ndipo analowa.